Ulendo wa ku Arches: a mu ofesi anatinamiza, mtsikana wotiperekeza ndiye anatiombola

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za mtsikana amene anatiperekeza. A mu ofesi ya kampani yoyendetsa alendo imene tinapita nayo, ya m'tauni ya Moab ku Utah, m'dziko la America, sindikuwapatsa ngakhale theka.

Tinalipira ulendo wawo wa tsiku lathunthu wa ku Arches National Park, pa mtengo wawo wokwera uja. Pa foni ndinafunsa mwachindunji za madzi, chifukwa unali mwezi wa Julaye komanso ndinali ndi amayi anga, omwe ndi achikulire. Bambo wa mu ofesi anandidula pakamwa, akuti tisavutike kunyamula kanthu, zonse zili m'galimoto. Zonse zake ziti? Galimoto inabwera dzuwa litakwera kale, popanda ndi pepani yemwe, ndipo mu cooler box munali timabotolo ting'onoting'ono, kamodzi pa munthu. M'chipululu cha Utah! Oyang'anira pakiyo amalangiza kuti munthu azimwa malita 4 pa tsiku, poti nyengo imeneyi kutentha kumapitirira madigiri 38. Madzi akumwa amapezeka pa ofesi ya alendo pafupi ndi geti, kenako mpaka ku Devils Garden, kumathero kwa msewu. Pa ofesi ya alendopo tinangodutsa, dalaivala akuti tachedwa.

Mtsikana uja anazindikira vutoli atatsegula cooler box pa Wolfe Ranch, poyambira njira ya ku Delicate Arch, chipata cha mwala chachilengedwe. Anapempha kuti tiyambe tapita kukatunga madzi, koma dalaivala anakana, ati iye akutsatira ndondomeko ya ku ofesi. Tinauyamba ulendo dzuwa lili paliwombo. Njirayi ndi ya makilomita 4.8 kupita ndi kubwera, mumakwera mamita 146, ndipo gawo lalikulu mumayenda pa thanthwe lopanda mthunzi, lotentha ngati chiwaya. Tili pakati pa thanthwelo amayi anayamba kudzandira. Ine ndinali patsogolo pang'ono. Mtsikanayo anawagwira mkono, n'kuwakhazika pansi pa kamtengo kamene kanamera mumng'alu. Ananyowetsa mpango wake n'kuwaika pakhosi, anawamwetsa madzi ake pang'onopang'ono, n'kuwapatsa mtedza wamchere. Amayi anaumirira kuti apitirize. "Mwana wanga, ndachokera kutali, ndisabwerere panjira." Iye anawayankha modekha kuti, "Amayi, mwala uja sukuthawa. Muuona lero lomwe, koma osati kudzera njira ino." Anatigawira madzi ake otsalawo, natiuza kuti titsatire timilu ta miyala tosonyeza njira, iye n'kutsika ndi amayi pang'onopang'ono.

Ndinapitiriza mtima uli m'mwamba, ndikutukwana kampaniyi chamumtima. Chakumapeto njira imadutsa m'mbali mwa phompho, khoma la mwala lili kudzanja lamanja, ndipo simuona kalikonse mpaka mutakhota. Kenako chipata cha mwala chija chimangoti bwa! Chaima chokha m'mphepete mwa dzenje lalikulu la thanthwe, mamita 16 kutalika, chofiira, mapiri a La Sal akuonekera kumbuyo kwake. Ndinali nditachiona kale pa manambala a galimoto za ku Utah, koma pa chithunzi simungadziwe kukula kwake. Mkwiyo unayamba kutsika pomwepo.

Mtsikana uja lonjezo lake analikwaniritsa. Amayi atapeza bwino anawatengera pa malo oonera akumunsi, pomwe mumangoyenda pang'ono pa njira yosalala n'kuchiona chipatacho chapatali. Kenako anamulimbira mtima dalaivala mpaka tinapita ku Devils Garden, komwe tinadzaza mabotolo onse. Chakumadzulo kutazizirako tinayenda kukaona chipata china, Landscape Arch, ngakhale nthawi yowerukira ya mtsikanayo inali itakwana. Ichi ndiye chinandidabwitsa kuposa china chija: mamita 88 kutambalala, koma chopyapyala moti umadabwa kuti chaimabe bwanji. Anatiuza kuti mu 1991 chibenthu chachikulu chinagwa kuchokera kunsi kwake, n'chifukwa chake alendo saloledwanso kudutsa pansi pake, ndipo china chapafupi, Wall Arch, chinagweratu mu 2008.

Amaidziwa ntchito mtsikana ameneyu. Anafotokoza kuti pansi pa dera lonseli pali mchere wochuluka womwe unatsalira nyanja yakale itauma zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo. Mcherewo unkasuntha chifukwa cha kulemera kwa miyala ya pamwamba pake, mwala wamchenga n'kung'ambika kukhala makoma ataliatali oyandikana. Madzi amalowa m'ming'alu, amaundana nyengo yozizira, n'kumagumula mwalawo mpaka khoma kubooka. Zipata zotere m'pakiyi zilipo zoposa 2,000. Mwana wa banja lina atapatuka panjira, anamuitana mwaulemu n'kumuonetsa dothi lakuda la timitumbira, kuti ndi lamoyo, limagwira mchenga kuti usauluke, ndipo ukaliponda limatenga zaka zambiri kuti libwerere. Balanced Rock ndi The Windows tinangoonera pa zenera la galimoto, ngakhale zinalembedwa pa ndondomeko imene tinalipira.

Tsiku lotsatira ndinapita ku ofesi kuti atibwezereko ndalama. Bambo yemwe uja, maso ali pa kompyuta, anati nyengo si vuto lawo, ndipo aliyense amadziwa kuti kuchipululu umanyamula madzi. Pakamwa pomwe paja panati tisanyamule kanthu! Za thanzi la amayi sanafunse n'komwe. Ndinamuuza kuti wantchito wawo anagwira ntchito ya anthu atatu, iye anangogwedeza mutu.

Ngati muli ndi galimoto, pitani nokha: pa geti ndi madola 30 galimoto imodzi, chiphaso chake chimagwira ntchito masiku 7, ndipo mungathe kuyamba Delicate Arch m'mamawa kusanatenthe. Ngati mukufunabe kampaniyi, auzeni akulembereni nthawi yonyamukira, madzi mutenge anu okwanira, ndipo ndalama yothokoza muipereke m'manja mwa wokuperekezaniyo, isadzere ku ofesi.