Mwana akufuna za makatuni: sukulu yolipira, kudziphunzitsa yekha, kapena yunivesite?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzi. Oyamba anali achemwali anga, chifukwa mnyamata wawo amene ali Fomu 3 wadzaza kope la Bayoloje ndi zithunzi za anthu omenyana. Ena ndi mayi a kutchalitchi kwathu, wina ndi mnzanga wa ku pulayimale amene sitinalankhulane kwa zaka zambiri. Onse akuti mwana akufuna zopanga makatuni pa kompyuta, ndiye amulipirire kuti. Ma voice note andikwana, bola ndilembe kamodzi.

Ine ndimadya za ntchito imeneyi. Ndimapanga timavidiyo totsatsa malonda, zilembo zoyendayenda zija mumaziona pa TV, ndi timakatuni tifupitifupi ta mabungwe tonena za kolera kapena katemera. Si zolemeretsa, koma lendi ndimalipira. Ndineneretu kuti pa njira zitatu zomwe ndiyerekeze pano, imodzi ndili nayo chakukhosi, ndipo sindibisa.

Ndiyamba ndi ya chakukhosiyo, sukulu yolipira ya m'tauni.

Nditalemba MSCE, bambo anagulitsa soya yense wa chaka chimenecho n'kundilembetsa pa kasukulu kena kamene kanali pamwamba pa shopu yogulitsa matayala. Chikwangwani chawo chinkalonjeza dipuloma ya multimedia ndi 3D animation m'miyezi 12. Fizi anatilembera papepala, bambo anawerengetsera, anati ndikwanitsa. Sabata yachitatu kunabwera ndalama ya labu. Tinadandaula koma tinalipira. Teremu yachiwiri kunabwera ina, imene mpaka lero ikandikumbukira mtima umawawa. Ankaitcha ndalama ya laisensi ya mapulogalamu, ndipo inali pafupifupi theka la fizi ya teremu. Anatiuza kuti mapulogalamu amenewa ndi odula, amachokera kunja, wophunzira aliyense ayenera kusonkhapo. Bambo anakabwereka kwa mlamu wawo.

Tsiku lina ndinafika m'mamawa. Ndinapeza aphunzitsi akuyenda kompyuta ndi kompyuta, akuzula chingwe cha intaneti kumbuyo asanatsegule pulogalamu iliyonse. Ndinafunsa kuti bwanji. Anaseka, n'kunena kuti, "Aise, ikangogwira netiweki imadziwa kuti ndi yakuba, imatseka." Basi, choncho. Mapulogalamu onse amene tinkalipirira laisensi anali okopera pa fulashi, ofanana ndi aja anyamata amakuikirani pamsika ndi ndalama ya chipisi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za bambo atakhala pakhonde la mlamu wawo, chipewa chili m'manja.

Sizinathere pomwepo. Tinalipo 26, makompyuta 8, ndipo awiri okha ndi amene ankatha kutsegula pulogalamu ya 3D osazima. Mphunzitsi wa 3D anabwera masabata atatu, kenako anapeza ntchito kwina, ndipo gawo limene ndinalembetsera sukuluyo linasanduka manotsi okopera pa bolodi. Tangoganizani, kuphunzira kuyendetsa chidole cha pa kompyuta polemba m'kope. Mayeso omaliza anali ndi ndalama yake, satifiketi inali ndi yake imene ankati ya mwambo wa graduation, ngakhale kwa ife amene sitinkafuna kuvala mkanjo. Nditaphatikiza zonse, tinalipira pafupifupi kawiri ndalama ija anatilembera tsiku loyamba. Satifiketiyo ili m'sutikesi pansi pa bedi. Kasitomala wanga woyamba sanaifunse, wachiwiri sanaifunse. Onse amati tione zimene unapangapo.

Ndisaname, ndinatolako ziwiri. Panali mayi wina amene anatiphunzitsa bwino kusankha mitundu ndi kuyala zilembo, ndipo ndinapeza anzanga awiri amene mpaka lero timapatsana maganyu. Sindikunenanso kuti sukulu zonse zolipira ndi zotero. Koma safunsa anadya phula. Musanapereke tambala, uzani a ofesi akulembereni ndalama zonse za chaka, za mayeso ndi satifiketi zomwe, asainire. Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku NCHE, mabungwe a boma oyang'anira sukulu za ntchito zamanja ndi za maphunziro apamwamba, ndipo mukatsimikize nokha kumeneko. Lowani mu labu nthawi ya kalasi muwerenge mitu ya ana ndi makompyuta amene akuyaka. Pemphani kuona ntchito za ophunzira a chaka chatha, komanso za mphunzitsi mwiniwakeyo. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Njira yachiwiri ndi yodziphunzitsa wekha, ndipo ndi imene inandipatsa ntchito. Ndikanadziwa kale, ndalama ya laisensi ija sindikanalipira n'komwe, chifukwa pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri lero ndi yaulere, ndipo ndi yaulere mwalamulo. Dzina lake Blender. Anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Kampani yake itagwa, anthu oikonda anasonkha mayuro 100,000 m'chaka cha 2002 kuti aiwombole kwa eni ngongole ikhale ya aliyense. Kale inali yovuta kuizolowera, koma kuyambira pa Blender 2.8 ya 2019 inasintha nkhope, ndipo muli chida chotchedwa Grease Pencil chojambulira makatuni a pamanja. Wina akakuuzani kuti zaulere ndi zoseweretsa ana, muuzeni kuti filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inapata Oscar ya makatuni mu 2025, anaipanga ndi Blender. Wokonda kujambula ndi dzanja ali ndi Krita, yaulere. Wofuna kudula ndi kulumikiza mavidiyo ali ndi DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchito zambiri. Amene alibe kompyuta ayambire pa foni ndi FlipaClip.

Ulere wake uli pa pulogalamu pokha. Laputopu ndiye mtengo weniweni. Ya RAM yochepera 8GB musavutike nayo pa 3D, ndipo yakaunjika yokhala ndi graphics card, kachipangizo kothandiza kompyuta pa ntchito ya zithunzi, imaposa yatsopano yonyezimira yopanda. Bandulo imatha ngati madzi poonera maphunziro pa YouTube, choncho koperani usiku muzionera masana. Magetsi akathima kompyuta ili mkati morenda, ndiko kusandutsa zimene wapanga kukhala vidiyo yomalizidwa, ntchito ya usiku wonse imapita, ndiye phunzirani kurenda zithunzi chimodzichimodzi m'malo mwa vidiyo yathunthu, kuti akayaka mupitirize pamene panalekera.

Vuto lalikulu la njira iyi si ndalama, ndi kusowa wokudzudzula. Pafupifupi aliyense woyamba Blender amapanga donati ija ya m'mavidiyo ophunzitsa a Andrew Price, mnyamata wa ku Australia wa tchanelo ya pa YouTube ya Blender Guru. Ndi phunziro labwino, nanenso ndinayambira pomwepo. Koma ndaona ana atatha chaka akutsatira mavidiyo otere, kudina pamene mphunzitsi wadina, ndipo ukawauza kuti panga mbaula ndi mphika wa nsima, manja amauma. Palibe tsiku lomaliza lowakakamiza, palibe wowauza kuti mwendo wa munthu wakoyu ukutsetsereka pansi ngati waponda therere. Amayi amati mwana wanga ndi katswiri, anzake pa Facebook amaika timitima, iye n'kumakhulupirira.

Mankhwala ake ndi kupeza munthu mmodzi wodziwa amene sakukonda kwambiri, n'kumamutumizira ntchito sabata iliyonse. Palinso maphunziro aulere a pa intaneti a Triggerfish Academy, ochokera ku situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town, amene amaphunzitsa maziko a ntchitoyi osati mabatani okha.

Za Adobe ndinenepo pang'ono, poti makolo amamva dzina limeneli kwambiri. Photoshop, Premiere ndi After Effects, mapulogalamu a kampani imeneyi, ndi zimene masitudiyo ambiri otsatsa malonda amagwiritsa ntchito, ndipo mwana amene adzalowe ntchito kumeneko adzayenera kuzidziwa. Koma zatsopano zimene zakhala zikutuluka kuyambira 2013 sazigulitsanso kamodzi n'kukhala zako, umalipira mwezi ndi mwezi, m'ndalama yakunja. Kwacha inatsika ndi 25% mu Meyi 2022 n'kutsikanso ndi 44% mu Novembala 2023, ndiye werengerani nokha chimene chimachitikira bilu ya madola. Muwerengenso bwino musanadine, chifukwa pali dongosolo lina looneka ngati la pamwezi pamene ndi mgwirizano wa chaka chonse, ndipo kulisiya panjira kuli ndi chindapusa. Boma la America linakasumira Adobe kukhoti pa nkhani yomweyi mu Juni 2024. Maya ya kampani ya Autodesk, imene masitudiyo akuluakulu a mafilimu amadalira, imaperekedwa ulere kwa ophunzira a sukulu zovomerezeka, koma ndi yophunzirira basi, yosapangira malonda. Mwana wa Fomu 3 safunika chilichonse mwa izi chaka chino.

Njira yachitatu ndi yunivesite, ndipo apa achinyamata amene amandiona ngati mnzawo pa nkhondo yolimbana ndi sukulu akhumudwa nane. Mukapeza malo, pitani. Ku UNIMA ku Zomba kuli maphunziro a zojambulajambula ndi zisudzo, ku MUBAS ku Blantyre kuli a utolankhani ndi a zamakompyuta. Musayembekezere kutuluka kumeneko mukudziwa kuyendetsa chidole cha 3D, zimenezo mudzaphunzirabe nokha usiku ku hositelo. Chimene digiri imachita ndi kutsegula zitseko zimene luso lokha silitsegula. Ntchito zokhazikika za mauthenga m'mabungwe ndi m'boma zimafuna pepala, ndipo ine ndakhala ndikupangira mavidiyo anthu amene anandiposa pa pepala lokhalo, iwo pa malipiro a pamwezi, ine pa ganyu. Zimawawa koma ndi mmene zilili. Sukulu zenizeni za animation ziliko ku South Africa, monga The Animation School ku Cape Town, ya zaka zitatu. Fizi ndi malo ogona ndi marandi. Amene angakwanitse safunikira malangizo anga.

Pali chinthu china chimene ana ojambula m'makope sadziwa. Katuni sipangidwa ndi ojambula okha. Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023 ndipo nkhani yake imachitikira ku Lusaka, anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo iye analowera khomo la kulemba nkhani, kudzera mu mpikisano wa Triggerfish Story Lab wa 2015. Pamafunika olemba, okonza mawu ndi nyimbo, oyala nkhani m'timabokosi ta storyboard, oika kuwala. N'chifukwa chake ndimakwiya mwana akandiuza kuti Chingerezi ndi masamu alibe nazo ntchito poti iye ndi wa luso. Maphunziro onse a pa intaneti ali m'Chingerezi, makasitomala akunja amalemba m'Chingerezi, ndipo 3D ndi ma x, y ndi z omwe aja amakuvutani m'kalasi. MSCE malizani, ndipo mukhoze bwino.

Ena amafunsa ngati AI, nzeru ya kompyuta ija yopanga yokha zithunzi ukangoilembera mawu, siilanda ntchitoyi. Maganyu a mapositala otchipa yayamba kale kudya, zimenezo ndaziona ndi maso. Koma kasitomala akafuna kuti mayi yemweyo, wa chitenje chomwecho, atunge madzi pa mjigo m'zithunzi 40 zotsatizana osasintha nkhope, amandiimbirabe ine.

Ndiye pa ndalama, kudziphunzitsa kumapambana kutali. Pa pepala, yunivesite. Pa anzako ndi wokukakamiza kumaliza ntchito, sukulu yolipira ikhoza kupambana, ikakhala yoona. Pa chiopsezo chobedwa, mwamva kale.

Achemwali ndinawauza kuti asalipire kulikonse chaka chino. Ndalama imene anasunga aike pa laputopu yakaunjika, ndipo mnyamatayo ayesedwe kaye pa holide. Mayeso ake ndi awa. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ojambula pamanja ambiri amaonetsa chithunzi chimodzi kawiri, ndiye zimakhala 12 pa sekondi. Masekondi 10 okha ndi zithunzi 120, ndipo chilichonse chimasiyana ndi chinzake pang'ono chabe. Ana ambiri amene amati amakonda makatuni amakonda kuonera ndi kujambula nkhope imodzi yokongola. Kujambula mpira womwewo ka 120 ndi nkhani ina. Amene afike pa chithunzi cha 30 n'kutopa, palibe cholakwa, wadziwa msanga ndipo soya wa bambo ake wapulumuka. Mwina malo ake ali pa kujambula mavidiyo kapena kukonza mapositala, zimene zilinso ndi ndalama, mwinanso yofulumira kuposa ya makatuni.

Mnyamata wa achemwaliyo ndinamupatsa ntchito imene aliyense amayambira, mpira wogwa n'kumadumphadumpha mpaka kuima. Lachitatu usiku ananditumizira pa WhatsApp, ataupanga pa foni ya amayi ake. Mpirawo unkatsika ndi liwiro limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kukweranso chimodzimodzi, ngati chikepe cha m'nyumba zosanja. Ndinamuimbira.

"Tenga mpira weniweni upite panja. Uponye kakhumi, uziyang'ana pamene ukufulumira ndi pamene ukuchedwa."

"Ankolo, kunja kwada."

"Mawa m'mawa, usanadye phala."

Loweruka anatumiza wina. Uwu unkachedwa pamwamba, n'kuthamanga potsika, ndipo pogunda pansi unaphwatalala pang'ono usanadumphe. Zimenezo sindinamuuze ine, anaziona yekha pabwalo. Kudumpha kwachitatu kunali kotalika kuposa kwachiwiri, zimene mpira sungachite pokhapokha wina ataumenya, ndiye ndamubwezera akonze. Akuti atumiza Lachiwiri, akamaliza homuweki ya masamu.