HandBrake: pulogalamu yaulere imene ndimasinthira makanema a anthu pano pa Mzuzu

Ngati muli ndi kanema amene TV yakunyumba ikumukana, kapena wakula moti simungamutumize kwa abale osatha bandulo yonse, tsitsani HandBrake. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, siidinda dzina lake pakati pa chithunzi, ndipo siidzakufunsani ndalama pakatha sabata. Ndikunena izi ngati munthu amene ndimadyera pomwepa. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo kashopu kanga ku Chibavi kamalandiranso anthu obwera ndi fulashi, memory kadi kapena DVD yakale ali ndi dandaulo limodzi lomwelo: zikukana kusewera.

Anthu ambiri akaona dzina la fayilo likuthera ndi MP4 amayesa kuti basi zatheka, isewera paliponse. Sizili choncho. MP4, MKV, MOV ndi AVI ali ngati matumba, ndipo thumba lomwe lija wina amathiramo chimanga, wina mpunga wa ku Karonga. Zam'katimo ndiye codec, njira imene chithunzi chafinyidwira: H.264, H.265 imene amaitchulanso HEVC, kapena MPEG-2 ya pa ma DVD. TV ikhoza kulizindikira thumbalo koma n'kulephera kuwerenga zili m'katimo. H.264 inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo pafupifupi chilichonse chokhala ndi pobaya fulashi chimaidziwa. HEVC inabwera mu 2013, imachepetsa fayilo kwambiri, koma ma TV akale ndi aja otsika mtengo amene ali m'makomo ambiri ku Zolozolo, Mchengautuwa ndi Masasa saimva. Chiyambire iOS 11 mu 2017, ma iPhone amajambula mu HEVC pokhapokha mwini wake atasintha, ndiye mavuto ambiri amene amandipeza amachokera kumeneko.

Mayi wina, tcheya wa kwaya ya amayi ku Chiputula, anabwera ndi fulashi atakulunga pakona ya chitenje. Mwana wawo anawajambula ndi iPhone pa tsiku la chiyanjano cha makwaya, ndipo amayi onse anasonkhana madzulo kuti adzionere.

"Achimwene, mawu akumveka bwinobwino koma TV yangoda bii. Kodi mwanayu anajambula mdima?"

"Ayi mayi, chithunzi chilimo. TV yanu ndi imene yalephera kuchiwerenga. Takhalani pansi tione."

Nditamutsegula kanemayo pa laputopu anaoneka onse, mayunifolomu oyera ndi maduku awo. Ndinamulowetsa mu HandBrake, ndipo iwo akubwera kumsika anapeza fayilo yatsopano ikuwadikira. Madzulo omwewo anandiimbira foni, kumbuyo kukumveka nthungululu.

Zimene ndinachita tsiku limenelo ndi zomwe ndimachita pafupifupi nthawi zonse. Mukaitsegula pulogalamuyi imakufunsani fayilo, kapena mungoikokera pawindo lake. Pamwamba pali posankha preset, kutanthauza makonzedwe ophikaphika. Alipo ambirimbiri ndipo akhoza kukuzunguzani mutu, koma ine ndimakhala pa awiri okha: Fast 1080p30 ngati kanema akaonetsedwa pa TV yaikulu kapena pa projekita kutchalitchi, ndi Fast 720p30 pa zina zonse (1080 ndi 720 ndi msinkhu wa chithunzi, 30 ndi mafelemu, kutanthauza zithunzi zodutsa pa sekondi imodzi). Onse awiri amatulutsa MP4 yokhala ndi H.264 ndi mawu a AAC, ndipo zimenezi TV, foni ya Android ngakhale laputopu yokalamba zimalandira mosanyinyirika. Mudzaonamo H.265 ndi AV1, ndipo pa intaneti amaziyamikira kwambiri. N'zoona zimasunga malo, koma kwa anthu athu kuno musazigwire. Kanema wocheperako amene agogo aku Ekwendeni sangamuonere pa TV yawo alibe ntchito.

Pamene ndimaikondera kwambiri HandBrake ndi pa kanambala kotchedwa RF, pansi pa Video. M'malo moti muziwerengetsa ma bitrate, kutanthauza malo amene sekondi iliyonse ya kanema imadya, mumangoiuza kuti chithunzi chikhale choyera motani, yokha n'kumagawa malo: pamene abusa angoima akulalikira imawononga pang'ono, pamene perekaniperekani wafika pachimake, anthu akuvina ndalama zikuuluka, imawonjezera. Nambalayi imayenda chobwerera. Ikatsika chithunzi chimayera koma fayilo imakula, ikakwera fayilo imachepa koma nkhope zimayamba kuoneka zamabokosimabokosi. Eni ake amalangiza 18 mpaka 22 pa makanema a msinkhu wa DVD, 19 mpaka 23 pa 720p, ndi 20 mpaka 24 pa 1080p. Ine ndimasiya pa 22 ngati n'zoika pa fulashi, ndipo ndimakweza kufika 25 kapena 26 ngati n'zotumiza pa WhatsApp. Musaitsitse kufika 10 poganiza kuti mukukometsa. Mudzatulutsa chifayilo choposa chimene munayamba nacho, maso osaona kusiyana kulikonse.

Kuti mumvetse phindu lake, foni ya iPhone yokha imakuuzani kuti mphindi imodzi ya 4K, chithunzi chachikulu kuposa 1080p, pa mafelemu 30 imadya pafupifupi 170 MB. Ola limodzi la ukwati ndiye kuti mwadutsa 10 GB. Pa 720p kanema yemweyo amatsika kwambiri moti amakwana pa kafulashi kakang'ono, ndipo pa TV ya mainchi 32 ndi ochepa angakuuzeni kuti china chake chachoka.

Musanadine Start Encode, dinani Preview kuti ikupangireni kachidutswa ka masekondi 30. Ndi bwino kuona cholakwika pa kachidutswa kusiyana n'kuchiona maola atatha. Ndipo ngati kanema wachokera pa foni, pitani pa Framerate musankhe Constant. Mafoni amasinthasintha liwiro la mafelemu malinga ndi kuwala, ndiye pa makina ena milomo imatsogola mawu n'kumatsalira. Pa ukwati wina akhoza kupirira, koma pa kwaya zimawawa kuona.

Mbali ina imene yandipezetsa makasitomala ndi ma DVD akale. Mabanja ambiri ali ndi DVD ya ukwati wa makolo, ya maliro a agogo kapena ya kuvumbulutsa chiliza, koma choisewerera chinafa kalekale. M'kati mwake mumakhala foda ya VIDEO_TS yodzaza ndi mafayilo a VOB oduladula. Mukailoza HandBrake pa foda yonseyo imazindikira yokha kuti zidutswazo ndi kanema mmodzi, n'kutulutsa fayilo imodzi. Makanema otere, pamodzi ndi a MTS ochokera m'makamera a AVCHD aja a Sony ndi Panasonic, kawirikawiri amaonetsa timizeremizere ngati mano a chipeso munthu akasuntha. Pansi pa Filters pali Decomb ndi Yadif zochotsera zimenezo, ndipo ma preset ambiri amazichita okha. Ma DVD a kuno ndi a PAL, mafelemu 25 pa sekondi, chithunzi cha 720 kwa 576. Chisiyeni pamsinkhu womwewo, chifukwa kuchikuza sikubweretsa zimene kamera sinagwire. DVD ikakhala yokandikakandika, yambani mwakopera foda yonse pa kompyuta. Ndimanjenjemera ndikagwira DVD yotere, podziwa kuti mwina mawu a munthu amene anatisiya atsala pamenepo pokha. Dziwaninso kuti HandBrake payokha siithyola maloko a ma DVD a mafilimu ogula, ndipo ine ntchito imeneyo sindiigwira.

Ntchito ikachuluka, monga Lolemba pambuyo pa maukwati a Loweruka, ndimadina Add to Queue pa fayilo iliyonse, n'kuisiya ikugaya usiku. Muli poiuza kuti ikamaliza izimitse kompyuta.

Tsono zofooka zake, poti zilipo ndithu.

Choyamba ndi nthawi. Pa laputopu yakale ya Core i3 kapena i5, zomwe ambiri timagula zakaunjika, kanema wa ola limodzi akhoza kutenganso ola kapena kuposa, makamaka ngati ndi 4K. Fani imalira, makina amatentha ngakhale m'chisanu cha June chija cha pa Mzuzu, ndiye ikwezeni pa kanthu kuti mpweya uzidutsa pansi, osaiika pa bulangeti. Ngati purosesa yanu ndi ya Intel, yang'anani ngati pamndandanda wa pansi pa Video pali H.264 ya QSV, imene imagwiritsa ntchito gawo lapadera la makanema la m'purosesayo. Imathamanga kwambiri, kungoti fayilo imakulako pang'ono kuti chithunzi chifanane ndi cha H.264 wamba, yotchedwa x264. Nthawiyi imapweteka kwambiri magetsi akathima pakati pa ntchito. Mndandanda wa mafayilo imaukumbukira mukayatsanso, koma fayilo imene inali pamoto imayambiranso pachiyambi, ndipo MP4 yosamalizika siitseguka n'komwe chifukwa kalozera wake amalembedwa kumapeto. N'chifukwa chake ukwati wautali ndimaudula: kutchalitchi pakepake, kuholo pakepake. Pamwamba pali posankha kuyambira sekondi yakuti kulekezera yakuti.

Chachiwiri, HandBrake siilumikiza makanema. Mukakhala ndi tizidutswa makumi awiri ta pa foni mudzatulutsanso tizidutswa makumi awiri. Si pulogalamu yokonzera kanema, ndipo eni ake sanamizira kuti ndi yotero. Siitulutsanso mawu okha, ndiye akwaya akafuna nyimbo zawo mu MP3 zoti aziika m'mawayilesi a memory kadi, ndimatsegula VLC, ija ya chizindikiro cha kachipewa kofiirira ka pamsewu. Pa Media pali Convert / Save, mumasankha Audio - MP3, basi. VLC imathanso kusintha makanema, koma pa ntchito yaikulu sindiidalira monga ndimadalirira HandBrake. Mphamvu yake ndi kusewera chilichonse.

Chachitatu n'chimene ambiri sachidziwa: HandBrake nthawi zonse imafinyanso chithunzi, ngakhale pamene sipakufunika. Nthawi zina m'kati muli kale H.264, vuto ndi loti TV siifuna MKV basi. Pamenepo kudikira ola lathunthu n'kutaya nthawi, komanso chithunzi chimatsikako. Mankhwala ake ndi FFmpeg, pulogalamu ina yaulere imene Fabrice Bellard anaiyamba mu 2000, ndipo zigawo zake zilinso m'kati mwa HandBrake ndi VLC momwe. Ilibe mabatani, mumachita kulemba, koma mzere wake ndi waufupi:

ffmpeg -i ukwati.mkv -c copy ukwati.mp4

Pakanthawi kochepa zatheka, thumba lasintha, chithunzi osakhudzidwa. FFmpeg yomweyo ndi imene imandipulumutsa kwa anthu amene akadali ndi DVD player yokhala ndi pobaya fulashi, zija zimangofuna AVI yokhala ndi codec yakale yotchedwa Xvid. HandBrake inasiya kalekale kutulutsa AVI, pano imapereka matumba ena monga MP4, MKV ndi WebM. Kwa iwowo ndimalemba chonchi:

ffmpeg -i kwaya.mp4 -vf scale=720:-2 -c:v mpeg4 -vtag xvid -q:v 4 -c:a libmp3lame kwaya.avi

Ndikanakonda AVI ikanakhalamobe, chifukwa kumidzi ya ku Rumphi ndi Nkhata Bay makina amenewa akadali amoyo.

Poika pulogalamuyi pali kamtunda pang'ono. Mitundu yatsopano imafuna Windows 10 kupita m'mwamba, ndipo imafunanso pulogalamu ina yoithandiza kuyenda, .NET Desktop Runtime ya Microsoft, ndiye konzani bandulo ya zinthu ziwiri. Mukatsitsa sungani zonse pa fulashi kuti mnzanu asadzawonongenso yake. Iliponso ya Mac ndi ya Linux, koma ya pa foni palibe. Zolemba zake zonse zili m'zilankhulo zakunja, mulibe Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo mawu ngati anamorphic amaopsa munthu woyamba kumene. Asiyeni momwe alili. Tsitsani ku handbrake.fr kokha, chizindikiro chake ndi chinanazi ndi tambula ya chakumwa. Anaiyamba ndi Eric Petit mu 2003, ndipo anthu ongodzipereka akhala akuikonza mpaka inafika pa 1.0 mu December 2016. Ndimawalemekeza anthu amenewa, chifukwa ana anga amadya kuchokera pa chipangizo chimene sindinalipirepo ngakhale tambala.

Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito masamba a pa intaneti osinthira makanema. Werengetsani: mukweze fayilo yonse, muitsitsenso, bandulo kawiri, netiweki ikadukiza muyambirenso. Komanso kanema wa chinkhoswe cha eni ake, wa ana a eni ake, mwamupereka kwa anthu amene simukuwadziwa. Mapulogalamu ogulitsa aja amene anyamata amawathyola n'kumagawana nawonso ndinasiyana nawo, amabwera ndi mavairasi amene amafalikira m'mafulashi a makasitomala.

Pomaliza pake ntchito imathera pa fulashi, ndipo apanso pali misampha imene anthu amainamizira HandBrake. Ma TV ambiri amawerenga fulashi yofomatidwa m'njira yotchedwa FAT32, koma FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo atakhalapo ambiri. Ndiye onetsetsani kuti chidutswa chilichonse chili pansi pa pamenepo, kapena yesani kaye ngati TV yanu imawerenga njira zina zofomatira, exFAT kapena NTFS. Fayilo ikatuluka ndi dzina lothera ndi m4v, ingosinthani likhale mp4, ndi chinthu chimodzi. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, imalola mpaka 2 GB ndipo siifinyanso chithunzi chanu. Chenjeraninso ndi mafulashi otchipa modabwitsa, olembedwa 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa: kanema amayamba bwino n'kufera pakati. Kasitomala aliyense ndimamuseweretsa kanema wake pa ka TV kakale kamene ndinaika dala m'shopu, koyambirira, pakati ndi kumapeto, asanatuluke pakhomo. Ndipo fayilo yoyambirira ija ndimawauza kuti asaifufute, chifukwa TV yatsopano ikadzabwera pakhomopo tidzafuna kusinthira pa imeneyo, osati pa yofinyidwa kale.