Chifukwa chake ndinasiya kuyankha foni chaka chatha

Amayi, achimwene ndi nonse kumudzi ku Ntcheu, mwakhala mukudandaula kuti chaka chatha ndinkangoyang'ana foni ikulira. Ena mpaka munati tauni yandilowa m'mutu. Lero ndati ndiulule zimene ndinakubisirani.

Zinayamba mu Juni, nthawi imene Mzuzu amazizira mpaka zala kuuma. Kuno nkhungu imatha kukuta mzinda wonse m'mawa, kamvula kowaza n'kumagwa tsiku lathunthu. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku, tulo osabweranso. Ndinkagona chagada n'kumawerengera: lendi ya nyumba ku Chibavi, ngongole ya banki m'khonde, belo la kaunjika limene linatuluka nsanza zokhazokha, fizi ya mwana. Kukacha, pabenchi panga mumsika, kasitomala akandipatsa K5,000 pa malaya a K3,500 ndinkangoti kakasi, ndalama ili m'manja, chenje osachidziwa. Ine amene ndinkawerengera amayi ndalama za mbatesi pamtima ku Tsangano! Tsiku lina ndinalira pamzere wotunga madzi chifukwa choti kamtsikana kena kanandidumpha. Ndikaona nambala ya kumudzi mtima unkangoti myuu, poti ndinkadziwa kuti ndi za feteleza kapena za maliro.

Panalinso zina zimene sindinkaziyika gulu limodzi ndi izi. Kamtunda kakang'ono ndinkapumira kawiri, wefuwefu, mtima ukugunda mpaka kumveka m'makutu. Ndikadzuka mofulumira, chizungulire. Ndipo ichi ndikuchita nacho manyazi: ndinkalakalaka dothi, lija amagulitsa m'timapepala, ngati mayi woyembekezera.

Aliyense anali ndi yankho lake. Anzanga a kumsika ankati, "Ndi maganizo amenewo asisi, musamaganize kwambiri," ngati kuti maganizo ali ndi mpopi wotseka. Kutchalitchi anandipempherera, ndipo ndimathokoza. Wina anandinong'oneza kuti alipo amene akundichitira nsanje pa bizinesi, ndipite kwa sing'anga akandiimbire ng'oma za vimbuza.

Amene anandithandiza ndi amayi eni nyumba, Atumbuka achikulire osachuluka zonena. Madzulo ena ndikupala moto pa mbaula yawo anandigwira chibwano, n'kukokera pansi chikope changa cham'munsi, kenako anatembenuza zikhatho zanga. "Mwana wane, muli mbuu chonchi? Magazi mulibe inu. Mawa mutenge buku lanu la kuchipatala."

Adokotala amene ndinawapeza sanathamangire kulemba mankhwala. Anandifunsa za tulo, za chakudya, za kumwezi ngati ndimataya magazi ambiri (ndinkataya, ndipo ndinkayesa ndi mmene ndinabadwira), za mankhwala ena alionse amene ndikumwa, ngakhale za mowa. Anandiyeza BP, shuga, malungo ndi HIV, n'kundipapasa pakhosi. Nditafunsa za pakhosipo anati chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyezo munthu amaonda chikhalirecho akudya, manja amanjenjemera, mtima umathamanga, tulo timasowa, ndipo amapsa mtima msanga. Chikafooka, munthu amangokhala wolefuka ndi wosasangalala. Zonsezi kwathu tikanangoti ndi maganizo, kapena wamulodza.

Za ine zinapezeka m'magazi. Muyezo wake unali 8, pamene mzimayi wosayembekezera amafunika 12 kapena kuposa. Magazi akachepa thupi sililandira mpweya wokwanira, ndiye mtima umagunda mofulumira kuti ukwanitse. Kulakalaka dothi kuja anati kumabwera kawirikawiri thupi likasowa ayironi. Chimene chinandiseketsa ndi tiyi. Chifukwa cha kuzizira ndinkamwa makapu anayi kapena asanu patsiku, nthawi zina tiyi ndi sikono n'kukhala nkhomaliro. Osadziwa kuti tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi. Anandipatsa mapiritsi a magazi a miyezi itatu, n'kundichenjeza kuti chimbudzi chidzada, ndisadzaope. Ndinayamba kudya usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba, bonongwe, chiwindi ndikapeza ndalama.

Pofika Okutobala kamtunda kaja ndinkakwera ndi belo pamutu. Dothi ndinasiya. Koma 2 koloko usiku maso anali gwa, ndipo foni ndinkaiopabe. Apa m'pamene ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa ndinkaganiza kuti magazi akabwerera zonse zitha.

Nditabwerera kukayezetsanso ndinawauza adokotala zimenezi, ndipo anandilozera ku St John of God, malo a Akatolika othandiza za umoyo wa m'maganizo konkuno ku Mzuzu. Ndinazengereza sabata ziwiri. Kwathu tikamva za chipatala cha maganizo timangoganiza za ku Zomba ndi munthu womangidwa zingwe. Amene ndinakhala nawo pabenchi anali anthu wamba, ena atavala za kuntchito. Mlangizi anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: ngati ndinaganizapo zodzipha. Ndinayankha zoona, kuti usiku wina ndinalakalaka nditangogona osadzukanso. Sanadzidzimuke, sanandilalikire. Tinakumana kangapo, tikumasula mtolo wanga chimodzichimodzi, ndipo chachikulu chinapezeka kuti ndinkaopa kukuuzani kuti ndilibe.

Achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mlamu wanga uja mukuti masiku ano amangokhala duu pakhonde, osapita kudimba, osasamba, musathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena chamba. Mupite naye kuchipatala akamuyeze thupi lonse, ndipo mukawauze adokotala zonse, za tulo ndi za kudya zomwe. Akadzayamba kubwebweta mwadzidzidzi thupi likutentha, kapena kutchula za imfa yake, musadikire kuti kuche kawiri, ndipo mankhwala a mbewu muwachotse m'nyumba. Akapezeka kuti m'thupi ali bwino, musati ndiye kuti akunamizira.

Amayi, ndalama ya feteleza nditumiza pa Mpamba mwezi ukatha, koma ndi ya thumba limodzi, osati awiri. Mukaimba ndiyankha.