Mphumu ya kuntchito: ku leba, kukhoti kapena kungomvana ndi abwana?

Anzanga ogwira ntchito m'magalaja opopera penti, owotcherera zitsulo ndi ocheka matabwa kuno ku Mzuzu, makamaka cha ku Luwinga uko, ambirife chifuwa chikulira ngati wezulo usiku koma tikumangoti ndi kuzizira kwa Mzuzu. Dziyang'anireni bwino: ngati Lamlungu kapena pa holide mumapuma bwinobwino popanda befu koma mukangobwerera mu shedi Lolemba befu wayambanso, imeneyo ikhoza kukhala mphumu yoyamba ndi utsi kapena fumbi la pantchito, ndipo abwana ali ndi choyankha.

Njira yoyamba ndi ya ku leba, kudzera mu Workers' Compensation Act ya 2000. Ubwino wake simufunika loya ndiponso simulimbana ndi kuonetsa kuti abwana analakwitsa, chachikulu ndi umboni woti matendawo abwera chifukwa cha ntchito. Koma chipepesocho amachiwerengera potengera malipiro anu ndi mmene dokotala waonera kuti thupi lawonongeka, nde ngati mumalandira zochepa musayembekezere zambiri, komanso mafayilo amayenda pang'onopang'ono, pamafunika kumapitako pafupipafupi osatopa.

Kukhoti nkwina. Kumeneko mukunena kuti abwana ananyozera, chifukwa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limawalamula kuteteza thanzi la antchito awo, ndiye ngati amakupopetsani penti m'chipinda chopanda mawindo, thina ali fungo guu, inu atangokupatsani kamasiki kansalu kamene sikatchinga nthunzi ya penti ngakhale pang'ono, nkhani ilipo. Ndalama ikhoza kukhala yochulukirapo poti khoti limaonanso ululu wanu ndi ntchito yomwe simungaigwirenso, koma mlandu umatha zaka, loya amafuna zake, ndipo anzanu amene anaona zonse amaopa kuchitira umboni kuti angachotsedwe. Opanda ndalama yesani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osakwanitsa kulipira loya, ali ndi ofesi konkuno. Musagonenso, milandu yovulala ili ndi malire a zaka 3 oti mukhale mutakasuma kukhoti.

Yachitatu ija yoitanidwa mu ofesi, kupatsidwa kenakake mu envulopu ndi pepala loti musaine, ine imandipweteka mtima kwambiri. Ndalamayo imathera pa ma inhaler miyezi ingapo, mphumu ikadali pomwepo, ntchito nkutha.

Ine ndikuti yambirani ku leba, khoti muliganize ngati muli ndi umboni wogwirika, ndipo musasaine chilichonse loya asanachione. Koma konseko popanda pepala la kuchipatala simupita patali. Pitani ku Mzuzu Central kapena chipatala chili pafupi, muuzeni dokotala ntchito yomwe mumagwira ndi mankhwala omwe mumapuma alembe m'buku lanu la kuchipatala, jambulani zitini za pentizo ndi malo ogwirira ntchito pa foni, ndipo sungani ma payslip onse.