Ranger kapena Hilux: Ana a Ford ndi Toyoda

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye makolo a magalimoto awiriwa, Ranger ya Ford ndi Hilux ya Toyota.

Henry Ford adakhazikitsa kampani yake ku Detroit mu 1903. Mu 1913 adayika lamba woyenda m'fakitale: galimoto inkabwera yokha kwa wantchito, iye n'kumangapo chitsulo chake chimodzi, ina n'kufika. Motero galimoto yake yotchedwa Model T idatsika mtengo kuchoka pa madola 850 mpaka pansi pa 300.

Kiichiro Toyoda adakulira pakati pa makina oluka nsalu a bambo ake, Sakichi. Ulusi umodzi ukangoduka, makinawo ankaima okha kuti nsalu yolakwika isatuluke. Kusamala kumeneko ndi komwe adalowa nako mu kampani ya Toyota, yomwe adaikhazikitsa mu 1937, ndipo ine ndimakuonabe mu Hilux.

Zonse ziwiri zimapangidwanso ku South Africa: Ranger ku Pretoria, Hilux ku Durban.

Mtengo: Ranger yakale imapezeka motsikirapo. Hilux ndi yowawa pogula, koma pogulitsa simulira.

Pamsewu: Ranger ndi yofewa, msana supweteka. Hilux ikakhala yopanda katundu imadumphadumpha pamsewu wafumbi.

Ikawonongeka: apa mpamene mtima wanga umapendekera ku Toyota. Makaniko wapansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati khasu lake, ndipo zipangizo zake n'zosasowa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Za Ranger nthawi zina mumadikira.

Woyenda kwambiri pa tara, amene galaja ili pafupi, atenge Ranger. Wonyamula matumba a chimanga kumudzi m'dzinja atenge Hilux.