Mankhwala, meshi, wigi kapena tsitsi lako lomwe: kuyerekeza kwa amene akufuna kubwerera ku lachilengedwe

Amayi ambiri amene amandifunsa za tsitsi langa safunsa ngati lachilengedwe ndi lokongola. Zimenezo amaziona okha. Amafuna kudziwa ngati lili ndi ntchito yochepa kuposa lamankhwala, ngati limadya ndalama zochepa kuposa meshi, komanso ngati munthu angalowe nalo mu ofesi anthu osamuyang'ana ngati wadzuka mochedwa. Ine ndinathira mankhwala owongola tsitsi kwa zaka zambiri, ndinaluka meshi, ndinavalako mawigi, ndipo lero ndili ndi tsitsi langa lamzindo. Poyerekeza njira zimenezi sindiyang'ana kutalika kwa tsitsi. Ndimayang'ana khungu la m'mutu ndi tsitsi la m'mphepete mwa chipumi, chifukwa ziwirizi zikawonongeka palibe sitayilo imene ingabise mpaka kalekale.

Mankhwala owongola

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo. Tsitsi lamankhwala silivuta kupesa. M'mawa umadutsitsa chipeso, kumanga kumbuyo, basi wanyamuka. Kwa mayi amene akukonzekeretsa ana atatu kupita kusukulu n'kuthamangira minibasi, phindu limeneli si laling'ono, ndipo sindimva bwino anthu akamanyoza amayi othira mankhwala ngati kuti akudana ndi khungu lawo.

Koma tidziwe chimene timathira. Mankhwala ambiri a m'masaluni amakhala ndi sodium hydroxide, amene ndi soda yemweyo wopangira sopo ndi wotsegulira mapaipi otsekeka. A m'mabokosi olembedwa kuti "no-lye", aja timasakaniza tokha kunyumba, amagwiritsa ntchito calcium hydroxide ndi guanidine carbonate. Amawotcha khungu pang'onopang'ono koma amaumitsa tsitsi kwambiri, chifukwa amasiya calcium pa tsitsilo. Onsewa ntchito yawo ndi imodzi: kudula timfundo ta m'kati mwa tsitsi timene timachititsa kuti lipotane. Timfundo timeneti tikaduka satha kulumikizikanso monga kale. Palibe mafuta, dzira kapena peyala limene lingabwezeretse tsitsi lamankhwala kukhala lachilengedwe. Lotsala ndi kudikira latsopano limere, lakalelo lidulidwe.

Vuto lalikulu limabwera pa retouch, kuthiranso mankhwala pa tsitsi lomera kumene. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho malangizo amati tidikire milungu 8 mpaka 12 tisanathirenso, ndipo mankhwalawo apakidwe pa lomera kumene lokha. Ndi angati amadikira? Kunsi kukangoyamba kulimba timathamangira kusaluni, mankhwala n'kufika pa tsitsi lowongoledwa kale, ndipo chaka ndi chaka limanka lipyapyala, lifiira kunsonga, lithothoka pachipeso. Zilonda nazonso tinazizolowera. Timapirira kuyabwa ndi kutentha kuti "ligwire bwino", mawa lake n'kudzuka ndi nkhanambo zomata tsitsi kunkhongo.

Zilonda zimenezi n'zimene zinandichititsa kumvetsera kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2022. Akatswiri a National Institutes of Health anatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11. Anawerengera kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi, 1.64 peresenti angadwale khansa ya m'chiberekero (osati ya khomo la chiberekero) pofika zaka 70, pomwe mwa amene ankawagwiritsa ntchito koposa kanayi pachaka chiwerengerocho chinafika 4.05 peresenti. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti mankhwalawo ndi amene amayambitsa khansayo, ndipo amayi ochuluka othira mankhwala sadzaidwala. Komabe khungu lotupa ndi lamabala limalowetsa zinthu m'thupi mosavuta kuposa khungu labwino, ndipo ine sindinafunenso kupitiriza.

Meshi

Ambiri tikasiya mankhwala timathawira ku meshi, poganiza kuti tsitsi likupuma. Likhoza kupumadi. Ukaluka bwino umakhala mwezi wathunthu osagwira chipeso, nyengo yamvula sikudetsa nkhawa, ndipo nsonga zimabisika. Pa kukongola ndiye palibe mkangano.

Choipa cha meshi ndi kulemera ndi kukoka. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa pa University of Cape Town, ndi anzake anafufuza nkhaniyi ku Langa mumzinda wa Cape Town. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2007 zinaonetsa kuti amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse, ndi atsikana asukulu 17 pa 100 alionse, anali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi, limene madokotala amalitcha traction alopecia. Amene anali pachiopsezo chachikulu ndi olukira meshi kapena wivi pa tsitsi lamankhwala. Apa mpamene ndikufuna asisi anzanga amvetse: pa njira zonse zimene ndikuyerekeza, yoipitsitsa si mankhwala okha kapena meshi yokha, koma kuphatikiza ziwirizi. Tsitsi lafooka kale ndi soda, kenako ukulisenzetsa katundu usana ndi usiku.

Zizindikiro zake timazidziwa tonse. Kulephera kugona usiku woyamba, kumwa Panado chifukwa cha mutu, tizilonda toyera m'mphepete mwa chipumi, nsidze zokwera m'mwamba. Olukawo amati "zimasuka pakapita masiku atatu", ndipo enafe timafuna zothina kuti zikhalitse popeza talipira ndalama zambiri. Kupwetekako ndi muzu wa tsitsi ukuzuka. Poyamba limameranso. Zikabwerezedwa kwa zaka, muzuwo umafa, pamatsala khungu losalala.

Ngati meshi simungaisiye, lukani zikuluzikulu ndi zosapitirira msana, uzani wolukayo asiye titsitsi ta m'mbali, ndipo musapyole milungu 6 kapena 8. Mukamasula, mutu upume milungu ingapo musanalukenso.

Wigi ndi wivi

Wigi imaposa wivi yosokerera pa chifukwa chimodzi: madzulo umaivula, mutu n'kupuma, ndipo ukhoza kuchapa tsitsi la pansi nthawi ina iliyonse. Wivi imatsekera thukuta ndi mfundu kwa milungu, ndipo amene anaivalapo mu Okutobala ku Lower Shire kapena ku Salima akudziwa chimene ndikunena. Wigi imayamba kuwononga ikamatidwa ndi guluu pachipumi kapena tizipeso take tikamakanda malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Kwa munthu amene wangometa kumene ndipo sanalimbe mtima, wigi ndi pothawira pabwino. Chimene ndinaona n'chakuti sikuphunzitsa kusamala tsitsi lako. Mizere ya pansi imaiwalika, imauma, ndipo pakatha chaka umakhala usakulidziwabe tsitsi lako.

Njira ziwiri zobwererera

Kubwerera kuli ndi makomo awiri. Loyamba ndi kumeta lamankhwala lonse tsiku limodzi. Lachiwiri ndi kusiya retouch, n'kumadula nsonga pang'onopang'ono mpaka lachilengedwe litatalika.

Njira yachiwiriyi imakopa chifukwa sutaya kutalika ndipo anthu sadabwa. Koma ndi yovuta kuposa mmene imamvekera. Pamutu pamakhala mitundu iwiri ya tsitsi, lolimba kunsi ndi lofewa kumwamba, ndipo pamene awiriwa akumana mpamene limaduka. Ukachapa, lowongoka limakulungana m'lopotana. Ambiri amene amabwerera ku mankhwala amagwera pamenepa, patatha miyezi ingapo, chipeso chikakana kudutsa. Ena amaliwongola ndi chipeso chamoto kapena toni kuti lifanane, osadziwa kuti moto wopitirira umawongoleratu lachilengedwelo, osapotananso.

Kumeta ndi kopweteka pamtima koma ndi kosavuta pamutu. Kuno kwathu mayi wometa amakumana ndi mafunso amene mnzathu wa ku Atlanta ku America sakumana nawo. Timameta pamaliro, choncho azakhali akakuona amayamba afunsa kuti, "Kodi kwagwa zovuta?" Timametanso kusukulu za boma, ndiye ena amati ukuoneka ngati mwana wa Folomu 1. Amuna ena amadandaula, apongozi nawo amayang'ana cham'mbali. Milungu yoyambayo imafuna ndolo zazikulu, duku labwino ndi mtima wolimba. Komabe ine ndimalimbikitsa kumeta, makamaka kwa amene m'mbali mwayamba kale kutha. Khungu limachira msanga, kuchapa ndi kwa mphindi zochepa, ndipo umaphunzira tsitsi lako likadali lalifupi losavuta. Zozibini Tunzi wa ku South Africa anapambana mpikisano wa Miss Universe mu Disembala 2019 ali ndi tsitsi lalifupi lometa m'mbali, ndipo kuyambira pamenepo sitayilo imeneyi siinafunikenso kupepesera.

Lachilengedwe likatalika

Apa ndinene mosabisa: tsitsi lachilengedwe lalitali lili ndi ntchito yambiri kuposa lamankhwala. Amene amakuuzani kuti n'losavuta mwina ali ndi lalifupi. Tsitsi lathu limapotana kwambiri moti mafuta amene khungu limatulutsa safika kunsonga, n'chifukwa chake limauma msanga, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndi m'fumbi la Ogasiti. Limafuna madzi choyamba, mafuta pambuyo kuti atsekere chinyezicho. Kupaka mafuta pa tsitsi louma kumangolinyezimiritsa. Silipesedwa louma. Umalinyowetsa, kuligawa zigawo, kumasula mfundo ndi zala kuyambira kunsonga, kenako chipeso cha mano otalikirana. Tsiku lochapa limadya theka la Loweruka. Likauma limafupika mpaka anthu kuganiza kuti silikukula.

Pa ndalama ndiye zili kwa iwe. Ukatsatira atsikana a pa YouTube ndi TikTok n'kumagula botolo lililonse lolembedwa 4C (dzina la tsitsi lopotana kwambiri ngati lathuli) lochokera ku America kapena ku South Africa, udzawononga kuposa wa retouch, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja atakwera mtengo. Koma zofunika zenizeni ndi zochepa: shampu yofatsa, kondishona, ndi mafuta amodzi. A nsatsi, amene agogo athu ankakazinga ndi kusinja okha, ndi olemera ndipo amatseka chinyezi bwino, ngakhale sindingalonjeze kuti amameretsa pamene muzu unafa. A malambe ndi opepuka. Madzi a therere lowiritsa, osefedwa, amaterera bwino pomasula mfundo. Amene mumachapira madzi a pamjigo amchere mudzaona tsitsi likuuma kwambiri, ndipo madzi amvula otungira m'ndowa amathandiza.

Ulusi

Pa njira zonse zosungira tsitsi lachilengedwe, imene ndimaiika patsogolo ndi imene tinaisiya poiyesa yachimidzi: kumanga ndi ulusi. Ulusi umatalikitsa tsitsi popanda moto, umabisa nsonga ngati meshi koma sulemera, mtengo wake ndi wochepa, ndipo mnzako akhoza kukumanga pakhonde madzulo amodzi magetsi atazima. Ukamasula pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, tsitsi limakhala lotambasuka, lofewa, lopeseka. Nawonso ukathina kunsi umazula, choncho lamulo ndi lomwe lija la meshi. Mizere ya tsitsi lako lokha ndi zopota ziwiriziwiri zimabwera pambuyo pake. Sizikhalitsa ngati meshi, koma kusakhalitsako n'kumene kumakukakamiza kuchapa ndi kuona khungu lako kawirikawiri.

Madiredi

Amene atopa ndi kumasula mfundo koma sakufuna mankhwala amapeza mpumulo m'madiredi. Chaka choyamba n'chovuta, amaima paliponse ndipo amafuna kupotedwa, koma akakhwima ntchito imachepa kwambiri ndipo kutalika kumaoneka, popeza tsitsi lothothoka limatsalira momwemo. Kupota kunsi pafupipafupi kumaondetsa mizu, ndipo akatalika kwambiri amalemera. Kuwasintha n'kovuta, ambiri amangodula. Cholemetsa china ndi maso a anthu, amene amawaphatikiza ndi chamba ngakhale mwini wake ali wa kwaya. Zinthu zikusuntha. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana achi Rasta m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi n'kosemphana ndi malamulo. Ku South Africa atsikana a Pretoria High School for Girls, mmodzi wa iwo Zulaikha Patel wa zaka 13, anachita zionetsero mu 2016 pokana kuuzidwa kuti awongole tsitsi lawo. M'maofesi mwathu nkhondo imeneyi sinathe, ndipo mayi wofuna ntchito kubanki kapena kuhotela amayenerabe kuganiza kawiri.

Ndikaika zonsezi pamodzi, kwa munthu amene khungu lake lili bwino ndipo nthawi alibe, lalifupi lometa limapambana zonse. Kwa wofuna kutalika, lachilengedwe losungidwa ndi ulusi ndi mizere, meshi ikhale ya paukwati ndi pa Khirisimasi. Wosankha kukhalabe pa mankhwala atalikitse nthawi ya retouch, asakande m'mutu masiku oyandikira, atsuke ikangoyamba kutentha, ndipo asalukirepo meshi. Ana aang'ono okha ndiye ndikupempha, tisawathire, ngakhale bokosilo litajambulidwa kamtsikana komwetulira.

Pali dazi lina limene silichokera m'mbali koma limayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa kapena kuwawa, ndipo limagwira kwambiri amayi akuda. Limeneli limasiya zipsera pansi pa khungu, ndipo kusintha sitayilo kokha sikuliletsa. Mukaona paliwombo pakupyapyala kapena pakusalala, musataye miyezi mukupaka mafuta. Pitani kwa dokotala wa khungu, ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mizu yotsalayo ikadali yamoyo.