Blu-ray ya Thamp: nyenyezi zinayi, makamaka chifukwa cha Shaji N. Karun

Ngati mukufuna filimu ya ku India yamagule ndi nkhonya ija, musataye ndalama zanu pa chimbalechi. Thamp ndi filimu ya 1978 ya ku Kerala, m'chilankhulo cha Malayalam, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Nkhani yake ndi yochepa: gulu la circus (oyendayenda kuonetsa masewera odabwitsa ndi oseketsa) lifika pamudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Bharathapuzha, limanga tenti, lionetsa masewera, kenako lipasula n'kumapita.

Ndalama zanga ndinalipirira diso la wojambula, Shaji N. Karun. Nthawi imeneyo anali ndi zaka pafupifupi 26, sipanapite nthawi yaitali chimalizireni maphunziro ku Film and Television Institute of India ku Pune. Mkulu wa filimuyi, G. Aravindan, anatenga anthu enieni a circus n'kukamanga nawo tenti ku Thirunavaya, anthu a m'mudzimo n'kubwera kudzaonera. Shaji kamera yake amaisiya nthawi yaitali pa nkhope za oonerawo: ana ali kukamwa yasa, agogo akuseka mobisa, ena angoti duu ngati aiwala kuti pali wowajambula. Akatembenukira kwa osewera okalamba, mumaona kutopa kumene penti wa kumaso walephera kubisa. Ine ndinabwezera kumbuyo malo ena kungofuna kuona momwe kuwala kukulowera mu tenti. Sindikudabwa kuti ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya dziko lonse la India ya wojambula wopambana.

Negativu yoyambirira (filimu yeniyeni yochokera mu kamera) inasowa, choncho mabungwe osunga mafilimu akale, a Film Heritage Foundation pamodzi ndi World Cinema Project ndi Cineteca di Bologna, anakonzanso filimuyi kuchokera ku makope otsala, ndipo inaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France mu 2022. Malo ena chithunzi n'chofewerapo, koma nkhope zikuoneka bwino kwambiri, ndipo n'zimene zili zofunika pano.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mtengo. Kuphatikiza zotumizira ndi msonkho, thumba linalira. Komanso filimuyi imayenda pang'onopang'ono kwa maola awiri ndi kanthu. Mlamu wanga anagona isanafike pakati. Mawu omasulira a pansi ali m'Chingerezi, koma anthu ake salankhulalankhula, ndiye savuta kutsatira. 

Shaji anadzakhala mkulu wa mafilimu akeake. Piravi inatamandidwa mwapadera pa mphoto ya Caméra d'Or, ya filimu yoyamba ya mkulu wa filimu, ku Cannes mu 1989, ndipo Swaham inalowa mumpikisano waukulu komweko mu 1994. Anamwalira mu Epulo 2025 ku Thiruvananthapuram. Tsopano ndikusaka Kummatty ya 1979, imene anajambula ndi Aravindan yemweyo, kuti ndione zimene anachita pojambula zithunzi zamitundumitundu.